Asilikali obwereka, ndalama zosonkha: mmene UN, AU ndi SADC amazimira nkhondo

Mu Januwale 2025, pa nkhondo yomwe inathera ndi zigawenga za M23 kulanda mzinda wa Goma kummawa kwa Democratic Republic of Congo, asilikali atatu a dziko lino anaphedwa. M'maminibasi a ku Ndirande, mumsika wa Limbe ndi pa mawailesi funso linali limodzi: ana athu akukatani kumeneko, nanga anawatuma ndani? Yankho lake lili pawiri, chifukwa pa nthawiyo dziko la Malawi linali ndi magulu awiri a asilikali ku Congo. Gulu lina linali pansi pa United Nations, aja ovala zisoti za buluu. Linalo linali pansi pa SADC. Owalamula anali osiyana, owalipira osiyana, ntchito yomwe anapatsidwa yosiyananso. Atatu aja anali a gulu la SADC.

Pa mabungwe onsewa palibe lomwe lili ndi asilikali akeake. UN ilibe, African Union ilibe, SADC ilibenso. Msilikali aliyense amachita kubwereka ku dziko lake, ndalama amachita kusonkha, ndipo nthawi zambiri ngakhale chilolezo cholowera m'dziko momwe muli nkhondomo amachita kupempha. Zomwe mabungwewa amakhoza komanso zomwe amalephera zimachokera pamenepa.

Mipando 15 ya ku New York

UN inakhazikitsidwa pa 24 Okutobala 1945 ndi mayiko 51. Lero alimo 193, ndipo Malawi inalowa pa 1 Disembala 1964. Malamulo a bungweli amaletsa dziko kuopseza kapena kuthira nkhondo dziko linzake. Mipata ilipo iwiri yokha: kudziteteza ukaputidwa, zomwe zili mu ndime 51, ndi pomwe Security Council, khonsolo yoona za chitetezo, yapereka chilolezo.

Khonsoloyi ili ndi mipando 15. Isanu ndi ya mayiko osachokapo: America, Britain, China, France ndi Russia. Khumi yotsalayo amasankhirana zaka ziwiriziwiri, ndipo itatu mwa iyo ndi ya Africa. Kuti chigamulo chidutse pamafunika mavoti 9, koma dziko limodzi lokha mwa asanu aja likakana, nkhani yathera pomwepo, ngakhale 14 enawo avomere. Mphamvu imeneyi ndi yomwe amaitcha veto. Dzikolo likangokhala osavota, chigamulo chimadutsa ndithu, ndipo akazembe amatha masiku akunyengerera mnzawo kuti ngati sakufuna kuvomera angokhala chete. Chomwe khonsoloyi yagamula chimamanga mayiko onse. Msonkhano waukulu wa mayiko 193, komwe Malawi ili ndi voti imodzi ngati ya China, mfundo zake pa nkhani za nkhondo ndi malangizo chabe.

Veto ndi yomwe inamanga manja khonsoloyi pomwe Russia inalowa mu Ukraine mu Febuluwale 2022, ndipo America yaigwiritsa ntchito kangapo kutsekereza zigamulo zokhudza Gaza. Komabe sikuti anthu a mu 1945 anaiikamo mosaganiza. Bungwe lomwe linalipo kale, la League of Nations, linagwa chifukwa America sinalowemo, ndipo Japan, Germany ndi Italy anatulukamo atadzudzulidwa kapena atafuna kuchita zawo. Veto inali mtengo wogulira mayiko amphamvu kuti akhale mkati. Chosalungama ndi choti mndandanda wa asanuwo sunasinthe kuyambira nthawi yomwe kuno kunali Nyasaland. Africa inagwirizana mu 2005, pa mfundo ya Ezulwini, kuti ikufuna mipando iwiri yosachoka yokhala ndi veto. Kuti zimenezi zitheke malamulo a UN ayenera kusinthidwa, ndipo kusinthako kumafuna kuti asanu omwewo avomereze.

Mfuti zisanalire

Ntchito yotsika mtengo kwambiri, yomwenso sionekera pa kanema, ndi yoletsa mkangano usanasanduke nkhondo. Ndime 33 ya malamulo a UN imatchula njira zake: kukambirana nokha, kufufuza chomwe chinachitika, kupeza mkhalapakati, kapena kupita ku khoti.

Khotilo ndi International Court of Justice ya ku The Hague, ya oweruza 15. Cameroon ndi Nigeria analimbirana chigawo cha Bakassi, chomwe chili ndi nsomba ndi mafuta, mpaka asilikali kuwomberana. Khoti linagamula pa 10 Okutobala 2002 kuti malowo ndi a Cameroon. Chigamulo pachokha sichinachotse msilikali ndi mmodzi yemwe. Zinatengera mlembi wamkulu wa UN wa nthawiyo, Kofi Annan, kukhazika pansi atsogoleri a mayiko awiriwa, Olusegun Obasanjo wa Nigeria ndi Paul Biya wa Cameroon, mobwerezabwereza kufikira pangano la Greentree mu Juni 2006, ndipo Nigeria inamaliza kupereka malowo mu Ogasiti 2008. Khoti lilibe apolisi, ndiponso silizenga mlandu wa dziko lomwe silinavomere kuweruzidwa nalo.

Nkhani ya nyanja yathu ikusonyeza mbali inayo. Malawi imaima pa pangano la Heligoland la 1890, lomwe linaika malire m'mphepete mwa nyanja ku mbali ya Tanzania. Tanzania imati malire adutse pakati pa madzi. Mkanganowu unabukanso mu 2012 boma litapereka ziphaso zofufuzira mafuta pansi pa nyanja. Mayiko awiriwa anaupereka kwa atsogoleri opuma a m'chigawo chino, Joaquim Chissano, Thabo Mbeki ndi Festus Mogae, koma zokambirana zinaima mu 2014 popanda chogwirika. Ena amati mkhalapakati analephera. Ife sitikuona choncho kwenikweni: mu 2012 andale ena amalankhula za nkhondo poyera, ndipo kukhala ndi bwalo lokatulako mawu kunaziziritsa mitima. Mlandu udakalipo, koma palibe maliro omwe anachitika chifukwa cha iwo.

Mkhalapakati amakhoza akakhala yekha pa ntchitoyo komanso akakhala ndi amphamvu kumbuyo kwake. Ku Kenya, zisankho za Disembala 2007 zitadzetsa ziwawa zomwe zinapha anthu oposa 1,000, African Union inatuma Kofi Annan, Graça Machel ndi Benjamin Mkapa. Annan anaumirira kuti pasakhale bwalo lina lokambirana kupatula lake, kuti wogonja pa mfundo asamathamangire kwa mkhalapakati wina. Mwai Kibaki ndi Raila Odinga anasaina pangano logawana mphamvu pa 28 Febuluwale 2008. Kuno kwathunso, zionetsero za pa 20 Julayi 2011 zitaphetsa anthu 20, UN ndiyo inakhala pakati pa boma ndi mabungwe omwe si a boma.

Mawu akakanika pamabwera ziletso, za mu ndime 41: kuletsa kugulitsa zida, kuletsa atsogoleri kuyenda, kutseka ndalama zawo ku mabanki akunja. Mu 1977 khonsolo inalamula kuti dziko lililonse lisagulitse zida ku boma la tsankho la South Africa. Ziletso zokuta dziko lonse, ngati zomwe Iraq inalandira kuyambira 1990, zinazunza odwala ndi ana pomwe atsogoleri amadya bwino, n'chifukwa chake masiku ano amalunjika pa anthu otchulidwa mayina.

Msilikali wa ku Cobbe Barracks amafika bwanji ku Beni

Ntchito ya asilikali osungitsa mtendere simupezeka n'komwe m'malamulo a 1945. Inayamba ndi oyang'anira opanda zida ku Middle East mu 1948, kenaka gulu loyamba lonyamula zida pa mkangano wa Suez mu 1956. Mfundo zake ndi zitatu: mbali zolimbanazo zivomere, asilikaliwo asakondere, ndipo asaombere pokhapokha podziteteza kapena poteteza ntchito yomwe apatsidwa.

Kayendedwe kake ndi kotere. Mlembi wamkulu amatumiza akatswiri kukaona mmene zinthu zilili, nalemba lipoti. Khonsolo imapanga chigamulo chonena ntchito yoti ikagwiridwe, chiwerengero chomwe asilikali ndi apolisi asapyole, ndi nthawi yake, kawirikawiri miyezi 12 yomwe amaonjezera ikatha. Ndalama sizivomerezedwa ndi khonsoloyo koma ndi komiti yachisanu ya msonkhano waukulu, ndipo chaka chake cha ndalama chimayamba pa 1 Julayi. Zikatero ofesi ya ku New York imayamba kugogoda m'makomo a mayiko kupempha asilikali. Dziko lovomera limasaina pangano lonena kuti lipereka anthu angati, magalimoto ankhondo angati, zida zanji. Akatswiri a UN amabwera kudzayendera gululo ndi zida zake lisananyamuke. Palinso pangano lina ndi dziko lomwe akupitako, lonena za misonkho, kayendedwe ndi milandu. Lipoti la mu 2000 la gulu la akatswiri a UN lotsogoleredwa ndi Lakhdar Brahimi linati gulu lizifika pamalo m'masiku 30, kapena 90 ikakhala ntchito yovuta. Zoona zake n'zoti pamatha miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa, ndipo m'miyezi imeneyo ndi momwe mapangano ambiri amasokonekera.

Mkulu wa ntchito yonse pamalopo kawirikawiri sakhala msilikali. Amakhala nthumwi ya mlembi wamkulu, ndipo kazembe wa asilikali amakhala pansi pake. Koma kazembeyo salamula ngati mmene angalamulire kwawo. Mayiko ambiri amatumiza asilikali atawaikira malire: asachoke dera lakuti, asayende usiku, asalowe m'nkhalango. Ena akalamulidwa amayamba aimba foni ku likulu la kwawo. Msilikali akapalamula mlandu, ngakhale wogwirira, UN ingathe kumubweza basi. Kumuzenga mlandu ndi udindo wa dziko lake, ndipo ambiri sazengedwa. Ku Haiti, chimbudzi cha pa msasa wa asilikali a UN chinayambitsa kolera mu 2010 yomwe inapha anthu pafupifupi 10,000, ndipo bungweli linapepesa mu Disembala 2016.

Za ndalama, zomwe anthu amakonda kunong'onezana: kuyambira Julayi 2022 UN imabweza madola 1,448 pa msilikali aliyense mwezi uliwonse. Ndalamayi imapita ku boma, osati m'thumba mwa msilikali, ndipo boma ndi lomwe limaona gawo lomupatsa. Zida zimalipiridwa padera, ndipo galimoto ikapezeka yakufa pa nthawi yoyendera, ndalama yake imadulidwa. Thumba lonse la ntchitoyi m'chaka cha 2024 mpaka 2025 linali pafupifupi madola 5.6 biliyoni. Dziko lililonse limasonkha malinga ndi chuma chake. America imayenera kupereka kuposa gawo limodzi mwa magawo anayi, kenaka China. Olemera akachedwa kusonkha, UN nayo imachedwa kubweza kwa mayiko otumiza asilikali monga Nepal, Bangladesh, Rwanda ndi Malawi. Mapeto ake osauka ndi omwe amakongoza bungweli.

Angola ndi Mozambique: mankhwala amodzi, kamwedwe kosiyana

Aliyense wa ku Mwanza, Nsanje, Mulanje, Ntcheu kapena Dedza wa zaka zoposa makumi anayi akukumbukira misasa ya othawa nkhondo. Anthu oposa 1 miliyoni a ku Mozambique anakhala m'dziko muno. Njanji za ku Beira ndi Nacala zitaonongeka, katundu wa makampani a ku Blantyre amazungulira mpaka ku Durban, ndipo malole odutsa ku Tete amayenda mwa mdipiti moperekezedwa ndi asilikali. Choncho mmene nkhondo imeneyo inathera si nkhani ya kutali.

Tiyambe ndi Angola. Boma la MPLA ndi gulu la UNITA anasaina pangano mu 1991, ndipo UN inatumiza asilikali oyang'anira 350 okha opanda zida, m'dziko lalikulu kuposa Malawi kakhumi. Zisankho zinachitika mu Sepitembala 1992 mbali zonse zikadali ndi asilikali ndi zida zawo zobisa. Mtsogoleri wa UNITA, Jonas Savimbi, atatsalira pa mavoti anakana zotsatira, nabwerera kutchire. Nkhondo inatha mu 2002 iye ataphedwa.

Pangano la Mozambique linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, patangotha masiku owerengeka chichitikireni zisankho za ku Angola. Okhala pakati sanali a UN koma gulu la Akatolika la Sant'Egidio pamodzi ndi boma la Italy, ndipo anatha zaka ziwiri akukambirana ndi nthumwi za Chissano, yemwe anali mtsogoleri wa dzikolo, ndi za Afonso Dhlakama, mtsogoleri wa gulu loukira boma la Renamo. UN inalowa pokwaniritsa panganolo, ndipo mkulu wake kumeneko, Aldo Ajello, anali ataona zomwe zachitika ku Angola. Asilikali a UN anafika masauzande, naikidwa m'misewu ndi njanji za Beira, Nacala ndi Tete. Zisankho zomwe zimayenera kuchitika mu 1993 anazikankhira ku Okutobala 1994 kuti asilikali ayambe alowa m'misasa ndi kutula zida. Oposa 76,000 a mbali zonse anavula yunifolomu. Aliyense amalandira kangachepe kwa zaka ziwiri, miyezi 6 kuchokera ku boma ndi miyezi 18 kuchokera kwa mayiko othandiza, ndipo amakalandirira kwawo komwe wasankha kukakhala, kuti asaunjikane pamalo amodzi. Panakhazikitsidwanso thumba la ndalama lothandiza Renamo kusanduka chipani cha ndale: nyumba, maofesi, magalimoto. Ambiri anaipidwa nazo, amvekere mukulipira anthu opha anzawo. Koma Dhlakama atalengeza kuti akunyanyala zisankho kutangotsala maola, analibenso gulu la nkhondo loti abwerere nalo kutchire, ndipo anali ndi zoti angataye. Anabweza mawu, ndipo kuvota kunaonjezeredwa tsiku limodzi.

Mfuti zambiri sizinatoleredwe, ndipo zina zinadzapezeka m'manja mwa achifwamba m'chigawo chino. Renamo inadzanyamulanso zida mu 2013, anthu n'kuthawiranso ku Kapise ku Mwanza m'zaka zotsatira. Komabe nkhondo ya dziko lonse sinabwererenso.

Pomwe palibe mtendere woti usungidwe

Mfundo zitatu zija zimagwira pomwe olimbana atopa ndipo akufuna wina woimirira pakati. Ku Rwanda mu Epulo 1994 mbali imodzi inali itakonza zopulula anthu. Mkulu wa asilikali a UN kumeneko, Roméo Dallaire, anali ndi asilikali pafupifupi 2,500. Asilikali khumi a Belgium ataphedwa, dziko lawo linachotsa gulu lake, ndipo pa 21 Epulo khonsolo inadula chiwerengero kufika pa 270. Anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa m'masiku 100. Chaka chotsatira ku Srebrenica, mzinda wa ku Bosnia womwe UN inautcha malo otetezedwa, amuna ndi anyamata oposa 8,000 anaphedwa asilikali a UN ali pafupi. Kuchokera apo zigamulo zambiri zimalamula asilikali kuteteza anthu wamba ngakhale ndi mfuti.

Ku Congo anapitirira pamenepo. M23 italowa mu Goma mu Novembala 2012 asilikali a UN akungoyang'ana, khonsolo inapanga chigamulo 2098 pa 28 Malichi 2013, chokhazikitsa gulu la asilikali pafupifupi 3,000 a South Africa, Tanzania ndi Malawi, lololedwa kuyamba lokha kuthira nkhondo magulu a zigawenga. Mothandizana ndi asilikali a Congo komanso ndege za helikoputa za South Africa, M23 inagonja pofika Novembala chaka chomwecho. M'gulu limeneli ndi momwe munali Chancy Chitete, yemwe anaphedwa mu Novembala 2018 pafupi ndi tauni ya Beni kummawa kwa Congo akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania wovulala pa nkhondo yolimbana ndi zigawenga za ADF. Mu Meyi 2019 UN inapereka kwa banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ulemu wapamwamba kwambiri kwa msilikali wosungitsa mtendere.

Chigonjetso cha 2013 sichinakhalitse chifukwa zomwe zinabala M23 sizinakhudzidwe: mikangano ya malo ndi unzika, migodi, kufooka kwa asilikali a boma, ndi udani wa boma la Congo ndi la Rwanda. Omenya nkhondo ake anathawira ku Uganda ndi Rwanda, osatula zida mwadongosolo ngati ku Mozambique, ndipo anabwerera kumapeto kwa 2021. Palinso mtengo wina: gulu likayamba kumenyera boma, mbali inayo silionanso ngati mkhalapakati, ndipo aliyense wovala chisoti cha buluu amasanduka mdani. Chilolezo nachonso chimalandidwa. Boma la Mali litanena mu Juni 2023 kuti asilikali a UN achoke, pofika Disembala anali atapakira.

Za kwathu kuno

Pangano lomwe limayendetsa nthambi ya SADC yoona za ndale ndi chitetezo linasainidwa mumzinda uno wa Blantyre pa 14 Ogasiti 2001. Chinalikakamiza ndi chisokonezo cha 1998, pomwe Zimbabwe, Angola ndi Namibia analowa nkhondo ya ku Congo, South Africa ndi Botswana n'kulowa ku Lesotho, onse akunena kuti akuchita m'dzina la SADC. Panganoli linaika nthambiyo pansi pa msonkhano wa atsogoleri, kuti izitsogoleredwa ndi atsogoleri atatu osinthana chaka ndi chaka, ndipo linati nkhondo ikhale njira yomaliza, yovomerezedwanso ndi Security Council.

African Union, yomwe inalowa m'malo mwa bungwe lakale la mayiko a mu Africa la OAU mu 2002, inadzipatsa mphamvu yomwe OAU inalibe: kulowerera m'dziko momwe mukuchitika kupululana kapena milandu ikuluikulu ya nkhondo. Khonsolo yake ya mtendere ili ndi mipando 15 ndipo mulibe veto. Imaimitsa dziko lomwe asilikali alanda boma, monga inachitira ndi Mali, Guinea, Burkina Faso ndi Niger. Ubwino wa mabungwe a m'chigawo ndi liwiro, pakuti mnzako akapsa ndevu umamuzimira podziwa kuti zako zili pafupi. Mu Januwale 2017 asilikali a ECOWAS, bungwe la mayiko a kumadzulo kwa Africa, atafika pa malire a Gambia, Yahya Jammeh, yemwe amakana kuchoka atagonja pa zisankho, anakwera ndege pasanathe masiku atatu. Koma Gambia ndi kadziko kakang'ono, ndipo anansi ake onse anali mbali imodzi.

Pobvuta ndi pa thumba. Asilikali a AU ku Somalia, omwe anayamba ntchito mu 2007, malipiro awo kwa zaka zambiri amachokera ku European Union. Atsogoleri anagwirizana ku Kigali mu 2016 kuti dziko lililonse lizidula 0.2 peresenti pa katundu wolowa kuti AU izidzidalira, koma si onse akuchita. Mu Disembala 2023 Security Council inavomera, pa chigamulo 2719, kuti UN ingathe kulipira mpaka 75 peresenti ya ntchito ya asilikali a AU, koma ntchito iliyonse iyenera kuvomerezedwa payokha ku New York, komwe veto ikudikira.

Gulu la SADC lomwe linapita ku Congo mu Disembala 2023, la South Africa, Tanzania ndi Malawi, linalibe thumba la UN kumbuyo kwake. Mayiko a SADC amasonkha okha. Linapatsidwa ntchito yothandiza boma kugonjetsa M23, koma lopanda ndege zankhondo zokwanira, polimbana ndi gulu lomwe akatswiri a UN analemba kuti likuthandizidwa ndi asilikali a Rwanda, ngakhale Rwanda imakana. Goma itagwa bwalo la ndege linatsekedwa, ndipo asilikaliwo anatsekerezeka m'misasa yawo ku Goma ndi ku Sake. South Africa inataya asilikali 14. Mu Febuluwale 2025 Lazarus Chakwera, yemwe anali mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, analamula kuti asilikali a Malawi ayambe kukonzekera zobwerera, ndipo pa 13 Malichi atsogoleri a SADC anathetsa ntchitoyo. Kutuluka kunayamba kumapeto kwa Epulo, atakambirana ndi M23 yomweyo, ndipo asilikali ndi zida zawo anayenda pamsewu kudutsa m'dziko la Rwanda kupita ku Tanzania.